Chitsulo Sichithyoka Tsiku Limodzi: Kusamala ndi Kukonza Zomangira za Chifosholo cha Thirakitala

Mu Januwale 2021 dziko lathu lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, ndipo nsanamira yoyamba ya masomphenyawo ndi ulimi wopindulitsa ndi wamalonda. Ulimi wotere sungayende ndi khasu lokha. N'chifukwa chake, kudzera m'ntchito monga ya AGCOM imene imathandizidwa ndi World Bank, makopaletivi a alimi m'maboma osiyanasiyana ayamba kukhala ndi mathirakitala awoawo atasonkhako gawo lawo la ndalama.

Kuno ku Mulanje thirakitala si mlendo. Takula tikuiona ikukoka ngolo za masamba a tiyi ndi nkhuni za bulugamu kupita ku mafakitale. Komatu esiteti ili ndi galaja, amakaniko olembedwa ntchito ndiponso nyumba yosungiramo zipangizo. Gulu la alimi, mpingo, kapena mlimi amene wagula thirakitala yakeyake alibe zonsezi. Kwa iwowa, thirakitala ikaima mu Okutobala, minda ikudikira kulimidwa mvula isanagwe, ndiye kuti chaka chapita padera pomwe ngongole ikadali chikhalire.

Phunziro lino likunena za mbali imodzi ya thirakitala imene anthu ambiri saiyang'ana mpaka tsiku limene yathyoka. Mbaliyi ndi zitsulo zimene zimamangirira chifosholo chonyamulira katundu ku thupi la thirakitala. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: zitsulozi sizithyoka mwadzidzidzi. Zimayamba zadandaula kwa masabata kapena miyezi, ndipo amene akudziwa zizindikiro zake amapulumutsa ndalama zambiri, nthawi zina ndi moyo womwe.

Tichidziwe chipangizochi

Chonyamulira cha kutsogolo, chimene amakaniko amachitcha front loader, ndi mikono iwiri yachitsulo imene imamangidwa kutsogolo kwa thirakitala, kunsonga kwake kuli chifosholo chachikulu. Mphamvu yokwezera mikonoyo imachokera ku oyilo amene pampu imakankhira m'masilinda kudzera m'mapaipi. Ndi chipangizochi munthu mmodzi amapakira manyowa, mchenga, dothi lokwirira maenje a mumsewu, nkhuni kapena zinyalala za pamsika, ntchito imene ikadatenga anthu ambiri tsiku lathunthu.

Kale chonyamulira chinkamangidwa kokhazikika, moti kuchichotsa inali ntchito ya maola ambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Ålö ya ku Sweden idatulutsa mtundu wotchedwa Quicke, umene dalaivala amatha kuuvula ndi kuuvala m'mphindi zochepa. Lero makampani ambiri amapanga zonyamulira za mtundu womwewu. Ubwino wake ngwakuti nthawi yolima mumavula chonyamuliracho n'kuchisiya chitaima pa miyendo yake, motero matayala a kutsogolo sadyeka msanga ndipo dizilo sapita wambiri.

Chonyamulira chovulikachi chimagwira pa malo atatu. Poyamba pali mabulaketi, zitsulo zochindikala zimene zimamangidwa ndi mabawuti kumanzere ndi kumanja kwa thirakitala ndipo sizichoka. Kachiwiri pali pamene tsinde la mikono limakhala pa mabulaketiwo n'kutsekedwa ndi mapini. Kachitatu pali pamene chifosholo chimalumikizana ndi mikono. Pa mtundu wofala wotchedwa Euro, chifosholo chili ndi ngowe ziwiri pamwamba zimene zimakola pa mtanda wachitsulo, ndi mabowo awiri m'munsi momwe mumalowa mapini. Tisaiwale kuti chilichonse chimene chidapangidwa kuti chizimasuka mosavuta chikhozanso kukhwepa mosavuta.

Chifukwa chake mabulaketi ndiwo amasenza vuto

Nyamulani ndowa ya malita 20 moiyandikiza kuthupi, muyenda nayo bwinobwino. Itambasulireni mkono kutsogolo, muona kuti phewa layamba kupweteka nthawi yomweyo, chonsecho madziwo sanawonjezeke. Chifosholo cha thirakitala chili ngati ndowa ya pa mkono wotambasula, ndipo mabulaketi ndiwo phewa. Popeza katundu amakhala patali kutsogolo, mphamvu imene imakoka mabawuti a pa bulaketi imaposa kulemera kwa katunduyo kangapo.

Pali chinanso chofunika kuchimvetsa. Mathirakitala ambiri amene tili nawo, monga a Massey Ferguson, alibe chimango chapadera chonyamula injini monga momwe ilili lole. Injini, nyumba ya kilatchi, giyabokosi ndi ekiselo ya kumbuyo zidalumikizidwa ndi mabawuti, ndipo zimenezi pamodzi ndizo msana wa thirakitala. Zambiri mwa izo n'zopangidwa ndi chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole, chotchedwa cast iron, chofanana ndi cha nsimbi yamakala. Chitsulo chimenechi n'cholimba pochipsinja, koma sichidziwa kupindika. Chikapanikizika mopitirira muyeso chimangosweka ngati mphika.

Pachifukwa ichi, zomangira zopangidwa bwino zimakhala ndi zitsulo zazitali zochokera pa bulaketi kukafika ku ekiselo ya kumbuyo, kuti katundu agawanike pa thupi lonse. Ena amachotsa zitsulo zazitalizi ati zikuwatchinga posintha fyuluta. Kutero n'kusenzetsa nyumba ya kilatchi katundu yense, ndipo ikasweka imeneyo thirakitala imagawika pakati.

Momwe chitsulo chimatopera

Tengani waya, mumupinde kamodzi, sathyoka. Mupindeni uku ndi uku kambirimbiri, athyoka popanda inu kuwonjezera mphamvu. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 katswiri wina wa zanjanji wa ku Germany, August Wöhler, adafufuza chifukwa chake maekiselo a sitima ankathyoka ngakhale sanasenzetsedwe katundu wopitirira muyeso. Adapeza kuti katundu wocheperapo, akamabwerezedwa nthawi zikwizikwi, amathyola chitsulo chimene chikadapirira katundu wamkulu kamodzi kokha. Uku ndiko kutopa kwa chitsulo.

Nthawi iliyonse chifosholo chikakwera ndi kutsika, ndiponso thirakitala ikagwera m'dzenje itasenza, bulaketi imapindika pang'ono kwambiri, mosaoneka ndi maso. Kamng'alu kamayambira pamalo ofooka: m'mphepete mwa bowo la bawuti, pa ngodya yakuthwa, kapena m'mbali mwa pamene padawotchereredwa. Poyamba kamakhala kopyapyala ngati tsitsi. Kamakula pang'onopang'ono mpaka chitsulo chotsalacho chitachepa, kenaka tsiku lina, mwina pa katundu wopepuka, n'kuthyokeratu.

Chitsulo chothyoka chimanena chokha mbiri yake. Yang'anani pamene chathyokapo. Mbali yakuda, yosalala ndi yadzimbiri ndi mng'alu wakale. Mbali yowala ndi yokakala ndiyo yathyoka lero. Ngati mbali yakuda ndiyo yaikulu, vuto lidayamba kalekale. Izi zithandize makomiti amene amathamangira kuweruza dalaivala wa tsiku limenelo, kapena kuyamba kuganizirana zaufiti. Kawirikawiri wolakwa ndi ife tonse amene sitidayang'ane.

Zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zimathyola zomangira

Choyamba ndi mabawuti okhwepa. Bawuti yomangidwa bwino imapanikiza zitsulo ziwiri kuti zikhale ngati chimodzi. Ikangokhwepa, bulaketi imayamba kugwedera ndi kumenya bawutiyo ngati hamala. Bowo lozungulira limasanduka ngati dzira, mazinga a m'thupi la injini amadyeka, kenaka bawuti imaduka. Ikaduka imodzi, zotsalazo zimasenza katundu wa mnzawoyo, n'kumaduka motsatizana.

Chachiwiri ndi mabawuti ndi mapini osayenera. Pamutu pa bawuti pamalembedwa nambala ya kulimba kwake. Zomangira za chonyamulira zimafuna ya 8.8 kapena 10.9, malinga ndi zimene wopanga adalamula. Ya 4.6, kapena yopanda nambala, ndi yomangira mageti ndi mawilibala. Momwemonso, chidutswa cha chitsulo chomangira nyumba si pini, ndipo msomali kapena waya sangalowe m'malo mwa kachitsulo kotsekera pini.

Chachitatu ndi katundu wopitirira muyeso. Maso amaona kudzaza kwa chifosholo, saona kulemera. Kiyubiki mita imodzi, yomwe ndi madiramu asanu a malita 200, ya mchenga wouma imalemera pafupifupi makilogalamu 1,600. Mchenga wonyowa, wongovuulidwa kumene mumtsinje, umafika pafupifupi makilogalamu 1,900. Choncho chifosholo cha theka la kiyubiki mita chodzaza mchenga wonyowa chasenza makilogalamu 950, ofanana ndi matumba 19 a feteleza. Manyowa ouma odzaza chifosholo chomwecho safika ngakhale theka la kulemera kumeneku. Muyeso wa chonyamulira chanu udalembedwa m'buku lake kapena pa kachitsulo kokhomedwa pa mkono.

Chachinayi ndi kusandutsa thirakitala kukhala katapila. Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 adagumula miyala ndi matope kuchokera m'phiri n'kukwirira minda, misewu ndi nyumba, monga zidachitikira kwa Mfumu Yaikulu Njema ndi madera ena ozungulira phiri. Pamene pali mwala m'munda kapena pamsewu, mtima umafuna kuitana thirakitala ili pafupi. Koma chonyamulira cha pa thirakitala yolimira chidapangidwa kuti chizitapa zinthu zofewa ndi kuzikweza. Kuwomba mulu ndi liwiro, kuzula chitsa ndi ngodya imodzi ya chifosholo, kapena kukankha mwala cham'mbali kumapotokola mikono, ndipo bulaketi imodzi imasenza zimene zidayenera kugawanika pawiri. Miyala ikuluikulu ndi zitsa ndi ntchito ya makina okumbira ndi okonzera misewu.

Chachisanu ndi liwiro pa misewu yokumbika. Boma lathu limalandira mvula yambiri, ndipo misewu yafumbi imasanduka ngalande dzinja lililonse. Thirakitala yosenza ikadumpha pa ngalande, katunduyo amagwa pa mabulaketi ndi mphamvu yoposa kulemera kwake. Vutoli limakula ngati kumbuyo kulibe cholemetsa. Mangani cholemetsa, monga diramu yodzaza konkire, pa zokokera zitatu za kumbuyo, kuti matayala a kumbuyo agwire pansi ndi ekiselo ya kutsogolo ipepukidwe.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuvala chonyamulira mothamanga, pamodzi ndi dzimbiri. Mukavalira pamalo opendekeka, kapena matope atauma pamene tsinde la mikono limakhala, pini imalowa theka. Imaoneka ngati yatseka, n'kudzavuka katundu ali m'mwamba. Chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni, pamodzi ndi feteleza ndi manyowa otsalira m'makona, zimadya chitsulo mwakachetechete.

Kuyendera kwa mphindi zisanu

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanalize injini m'mawa, chifosholo chili pansi, zungulirani thirakitala mukuyang'ana izi.

Fufuzani fumbi lofiira ngati la njerwa lotuluka pansi pa mutu wa bawuti kapena pakati pa bulaketi ndi injini. Fumbi limeneli limatanthauza kuti zitsulo zikukhuzana, ndiye kuti pakhwepa. Yang'anani penti yong'ambika motsata mzere, kapena kamzere kadzimbiri m'mbali mwa powotcherera. Onetsetsani kuti pini iliyonse yalowa mpaka kumapeto ndipo yatsekedwa. Mukayamba ntchito, tcherani khutu: phokoso la kugogoda pamene chifosholo chikuyamba kukwera kapena chikukhudza pansi likusonyeza kuti pena pake pali mpata.

Njira yosavuta yodziwira bawuti imene yayamba kumasuka ndi kulemba mzere wa penti yoyera kuchokera pamutu pa bawuti kufika pa bulaketi mukangomaliza kumanga. Mzerewo ukasiyana, bawuti yatembenuka. Aliyense wa m'komiti, ngakhale sadziwa za makina, akhoza kuona zimenezi.

Ngati mukukayikira mng'alu koma sukuoneka bwino, tsukani malowo, pakanipo palafini, dikirani mphindi khumi, pukutani mpaka paume, kenaka pakanipo choko chosinja. Gogodani pang'ono ndi hamala. Palafini amene adalowa mumng'alu amatuluka n'kudetsa chokocho, ndipo mzere wonse umaonekera. Njirayi ndi yakale kwambiri ndipo idayamba kugwiritsidwa ntchito m'magalaja a sitima zapamtunda.

Mabuku ambiri a zonyamulira amalangiza kupaka girisi m'mapini pa maola 10 aliwonse a ntchito, kumanganso mabawuti a mabulaketi pakatha maola 10 oyamba chimangireni, kenaka pa maola 50 aliwonse. Kumanga koyenera kumafuna sipanala yoyeza mphamvu, yotchedwa torque wrench. Mwachitsanzo, bawuti ya mamilimita 16 ya 8.8 imafuna pafupifupi 200 Nm, mphamvu yofanana ndi kupachika ndowa yodzaza ya malita 20 kunsonga kwa sipanala yotalika mita imodzi. Ya 10.9 ya msinkhu womwewo imafuna pafupifupi 300 Nm. Nambala ya m'buku la chonyamulira chanu ndiyo yoyenera kutsatidwa. Kudumphira pa paipi yaitali yolowetsa ku sipanala kumatambasula bawuti kapena kudya mazinga.

Mng'alu ukapezeka

Lamulo loyamba n'lakuti ntchito iime pomwepo. Mawu akuti "tingomaliza maulendo awiri otsalawa" ndiwo asandutsa ntchito ya tsiku limodzi kukhala ya miyezi. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachiwiri n'kusankha mmisiri. M'misika yathu monga pa Chitakale, Limbuli ndi Nkando muli owotcherera aluso pa zitseko, mafelemu a mawindo ndi njinga. Koma bulaketi ndi chitsulo chochindikala mamilimita 12 kapena kuposerapo, ndipo makina aang'ono owotcherera zitseko nthawi zambiri satha kuchisungunula mpaka mkati. Funsani mmisiri ngati adaphunzira ntchitoyi ndi kuyesedwa mayeso, monga a m'makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, ngati makina ake ali ndi mphamvu yokwanira, ndiponso ngati adagwirapo zitsulo zosenza katundu. Mmisiri woona sakhumudwa ndi mafunso otere, ndipo amanena poyera ntchito ikamukulira.

Ngakhale simudzagwira nokha chowotcherera, dziwani ndondomeko yake kuti muzitha kuona ngati ntchito ikuyenda bwino.

Bulaketi ichotsedwe pa thirakitala ngati n'kotheka. Ngati sizingatheke, batire lichotsedwe, mapaipi a dizilo ndi a oyilo atchingidwe, ndipo waya wobwezera magetsi amangidwe pafupi ndi powotcherera kuti magetsi asadutse m'mabering'i.

Penti, girisi ndi dzimbiri zichotsedwe mpaka chitsulo chiwale. Mmisiri apeze mathero onse awiri a mng'alu ndi kubowola kabowo kakang'ono pa mathero aliwonse kuti mng'aluwo usapitirire. Kenaka akumbe mng'alu wonse ndi girayinda, mpata wake ukhale ngati chilembo cha V, mpaka kufika pansi pake. Kuwotcherera pamwamba pa mng'alu wosakumba kuli ngati kumata bala la mafinya ndi pulasitala: kunja kwaoneka bwino, mkati matenda akupitirira.

Ndodo zowotcherera zikhale zoyenera. Zofala m'misika ndi za E6013, zimene n'zabwino pa zitsulo zopyapyala. Pa chitsulo chochindikala chosenza katundu pamafunika za E7018. Vuto la ndodo zimenezi n'lakuti zimayamwa chinyezi, ndipo ndodo yonyowa imasiya mpweya wa hydrogen m'chowotchereracho, umene umabala ming'alu patapita maola kapena masiku. Kwathu kuno kumene mpweya umakhala wachinyezi miyezi yambiri, gulani paketi yosatsegula ndipo igwire ntchito tsiku lomwe yatsegulidwa.

Chitsulo chochindikala chiyambe chatenthetsedwa kufika pamene dontho la madzi limawira likangogwerapo. Mpatawo udzazidwe m'mizere ingapo, makoko a mzere uliwonse akugogodedwa ndi kupalidwa usanaikidwe wotsatira. Pomaliza chitsulo chizizire chokha pang'onopang'ono, ngakhale pochikwirira mumchenga wouma. Kuthirapo madzi kuti ntchito ithe msanga kumachiumitsa mopitirira, n'kuchisandutsa chosachedwa kusweka.

Ngati pakufunika chigamba cholimbitsira, chisachindikale kuposa bulaketiyo, ndipo nsonga zake zikhale zozungulira kapena zosongoka ngati tsamba. Chigamba cha ngodya zinayi chowotcherera modutsa chimayambitsa mng'alu watsopano m'mphepete mwake. Chenjeraninso ndi maganizo akuti kuunjika zitsulo ndiko kulimbitsa. Bulaketi ikauma kwambiri osapindikako ngakhale pang'ono, mphamvu yonse imapita ku nyumba ya kilatchi. Bulaketi ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi msana wa thirakitala.

Bowo la pini limene lakula lisadzazidwe mwachisawawa. Likulungizidwe pa makina n'kuikamo bushi yatsopano, mabowo a mbali zonse ziwiri akhale pa mzere umodzi. Mabawuti onse a bulaketi imene idagwedera asinthidwe, osati imene yaduka yokha, chifukwa anzakewo adatopa kale. Ntchito ikatha, yesani ndi chifosholo chopanda kanthu, kenaka katundu wochepa, anthu ataima patali. Pakani penti, ndipo yang'ananinso pakatha maola 10.

Zimene siziyenera kuchitika

Musalole kuti bulaketi iwotchereredwe ku thupi la injini kapena ku nyumba ya kilatchi pofuna kuthana ndi mabawuti ovutavuta. Chitsulo wamba ndi cast iron sizigwirana ndi ndodo wamba, ndipo kutenthako kumang'alula thupilo. Bawuti ikadukira mkati, makaniko wodziwa amaitulutsa ndi kukonza mazinga ndi zipangizo zake. Thupi la injini kapena nyumba ya kilatchi ikang'aluka pamalo osenza katundu, njira yodalirika ndi kusintha chigawocho.

Musawotcherere pini yothyoka kapena ngowe ya chifosholo imene yang'aluka kachiwiri pamalo omwewo. Zisinthidwe. Ndipo musalole munthu kukhwimitsa valavu imene imaletsa mphamvu ya oyilo kupitirira muyeso ati kuti chifosholo chizinyamula zambiri. Valavu imeneyo ndiye mlonda wa mabulaketi. Chifosholo chikakana kukwera, chikukuuzani kuti mupungule katundu.

Moyo ndi woposa chitsulo

Munthu asaime, asadutse, ndipo asagwire ntchito pansi pa chifosholo chokwezedwa. Paipi imodzi ikaphulika kapena pini ikavuka, chimagwa mofulumira kuposa momwe munthu angathawire. Pokonza, chitsitsidwe pansi, injini izimitsidwe, kiyi achotsedwe, ndipo zogwirira za oyilo zigwedezedwe uku ndi uku kuti mphamvu yotsalira ithe.

Oyilo wa m'mapaipiwa amakhala ndi mphamvu ya pafupifupi 180 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pafupifupi 2 bar. Kabowo kakang'ono pa paipi kamatulutsa oyilo wotha kuboola khungu. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja. Oyilo akalowa m'thupi, ngakhale bala lioneke ngati la singano, thamangirani ku chipatala chachikulu cha boma kapena ku Mulanje Mission tsiku lomwelo, ndipo fotokozani bwino chimene chachitika, pakuti kuchedwa kumadulitsa chala kapena dzanja.

Chifosholo si mpando. Pa maliro, pa ukwati kapena pochokera ku mpira, anthu asakwezedwemo, makamaka ana. Poyenda, katundu akhale m'munsi pafupi ndi nthaka. Minda yathu yambiri ili m'mapiri ndi m'zitunda, ndipo thirakitala yokweza katundu m'mwamba ikadutsa chopingasa pamalo otsetsereka imagubuduka mosavuta. Kwerani ndi kutsika molunjika, katundu ali kumtunda. Yang'ananinso mawaya a magetsi musanakweze mikono.

Udindo wa makomiti ndi atsogoleri

Mutu umodzi susenza denga. Dalaivala yekha sangasunge thirakitala ngati komiti ikumuumiriza kugwira ntchito iliyonse imene yabweretsa ndalama. Gulu lililonse lokhala ndi thirakitala lichite izi.

Likhale ndi kaundula, ngakhale kope la kusukulu, lolembamo tsiku, maola, ntchito imene yagwiridwa, ndi tsiku limene mabawuti adamangidwa ndi girisi adapakidwa. Lipatule gawo la ndalama iliyonse ya hayala n'kulisunga padera kuti likhale la zokonzera, lisakhudzidwe pa zina. Lisankhe dalaivala mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa, m'malo mopatsa kiyi aliyense amene akuti amatha. Limupatse dalaivalayo mphamvu yokana ntchito yoopsa, ngakhale wopemphayo akhale wolemekezeka, ndipo limuyamikire akanena za mng'alu m'malo momudula malipiro. Dalaivala woopa chilango amabisa vuto mpaka litakula. Lisunge mabawuti, mapini ndi zotsekera zapadera za msinkhu woyenera, pakuti zambiri zimapezeka ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo ulendo wokagula bawuti imodzi umadya tsiku lantchito.

Kuyendera kwakukulu kuchitike pakati pa Juni ndi Ogasiti, zokolola zitalowa, ntchito yokonza minda isanayambe. Nthawi imeneyo amisiri amakhala ndi mpata ndipo gulu limakhala ndi kangachepe m'thumba.

Makhansala, mafumu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC ali ndi gawo lawo. Pamene gulu likupereka lipoti la thirakitala, funso lisakhale la ndalama zolowa zokha. Afunsenso kuti kaundula ali kuti, ndipo thumba la zokonzera lili ndi zingati. Pokonza ntchito za chitukuko monga kukwirira maenje kapena kuchotsa zinyalala, asiyanitse ntchito ya thirakitala yolimira ndi ya makina akuluakulu. Alangizi a zaulimi a m'zigawo za Boma, Thuchila, Kamwendo, Msikawanjala ndi Milonde ndiwo khomo loyamba logogoda gulu likafuna uphungu.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa gulu

1. Kodi chonyamulira chathu chidaloledwa kusenza makilogalamu angati, ndipo ndani mwa ife adaionapo nambalayo?
2. Mabawuti a mabulaketi adamangidwa liti komaliza, ndipo zidalembedwa pati?
3. Ndi ntchito ziti zimene tidagwirapo ndi chifosholo zomwe, malinga ndi phunziroli, sitidayenera kuvomera?
4. Mng'alu utapezeka mawa, tingapite kwa mmisiri uti, ndipo ndalama yake ichokera kuti?
5. Dalaivala wathu akakana ntchito yoopsa, ndani m'komiti amene adzaima naye?

Mukatha kukambirana, musabalalike musanapite pamene paima thirakitala. Tengani nsanza, choko, palafini pang'ono ndi kachitini ka penti yoyera. Pukutani mabulaketi onse awiri, werengani nambala za pamitu pa mabawuti, lembani mizere ya penti, ndipo tsiku la lero likhale loyamba m'kaundula wanu.